Miyendo ya Amtengatenga: Mbiri ya Kuthowa Thupi la Wapaulendo

M'dziko muno nyengo ya maulendo idali chilimwe. Chimanga chikalowa m'nkhokwe, mitsinje ikaphwa, tchire likapsa, njira zinkatseguka ndipo anthu ankanyamuka: ena kukasinthanitsa makasu ndi mchere, ena kukapepesa maliro amene adachitika m'dzinja mitsinje itadzaza, ena kukaona mbale wokwatiwa kutali. Dzuwa la Okutobala silinkawabweza, chifukwa mvula ikangogwa aliyense ankafunika kumunda. Wofika kumapeto a ulendo wotere ankafika msana utauma, khosi litalimba, mapazi atatupa, thupi lonse likuphwanya. Chimene ankamuchitira n'chodziwika kwa aliyense amene adakulira kumudzi: madzi otentha, kansalu koviika n'kufinya, manja a munthu wina akuthowa ndi kusisita, mafuta a nsatsi, kenako mphasa ndi tulo. Ambiri lero amauona mwambowu ngati chikondi chabe cha agogo kwa adzukulu, kanthu kokoma koma kopanda phindu lenileni. Mbiri ya kayendedwe kathu ikutsutsa maganizo amenewa. Kuthowa kudali gawo la mtengo wa ulendo, mtengo umene anthu oyenda pansi ankaudziwa ndipo ankagawana kaperekedwe kake. M'zaka 150 zapitazi maulendo asintha kangapo, ndipo pa kusintha kulikonse nkhani yagona pa funso limodzi: ndani alipire kupuma kwa thupi limene lagwira ntchito? Paliponse pamene eni ulendo adakana kulipira, ngongoleyo idagwera woyendayo ndi anthu a kwawo.

Katundu ankayenda pamutu pa munthu chifukwa padalibe china chomunyamula. M'chigwa cha Shire ndi m'madera ambiri a m'mbali mwa nyanja mudali kashembe, ntchentche yofalitsa matenda amene amapha ng'ombe, abulu ndi akavalo, motero ziweto zonyamula katundu sizinkakhalitsa. Mtsinje nawo sunkathandiza paliponse, pakuti Shire ali ndi mathithi pamtunda wautali pakati pa Matope ndi Kapichira. Komabe malonda ankayenda. David Livingstone atafika m'dera la Shire mu 1859 adapeza Amang'anja akusula makasu ndi kuomba nsalu za thonje, ndipo mchere wa ku Chilwa unkagulitsidwa kutali. Ayao ankasenza minyanga ya njovu kupita nayo ku Kilwa ndi kugombe la Mozambique, ulendo wa milungu yambiri, n'kubwerako ndi nsalu, mikanda ndi mfuti. Ntchito yotere idali ndi malamulo ake. Anthu ankalawira m'bandakucha kuti dzuwa likamafika paliwombo akhale atatula. Zigono zinkasankhidwa pafupi ndi madzi ndi nkhuni. Nkhata inkakulungidwa molingana ndi mtolo. Ndipo pakapita masiku angapo gulu lonse linkaswera pamalo amodzi. Wolemba mbiri Stephen Rockel, amene adafufuza za Anyamwezi onyamula katundu ku Tanzania, adasonyeza kuti anthuwa ankaumirira miyambo ya ulendo monga liwiro loyenera ndi masiku opuma, ndipo mwini katundu akaiphwanya iwo ankatula mitolo pansi kapena kumuthawa. Kupuma kudali m'pangano la ntchito.

Mbali ina ya panganoli inkakwaniritsidwa ndi mudzi wolandira alendo. Akale adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo mwambiwu unkasanduka ntchito yogwirika. Pomwe mlendo akupereka malonje, mphika wa madzi umakhala uli kale pamafuwa. Ankayamba wasamba, nsima n'kubwera pambuyo. Madzi amenewo m'chilimwe sadali otsika mtengo, chifukwa zitsime zinkaphwa ndipo amayi ankalawirira kudambo kukadikira kuti akwanitse mtsuko umodzi. Nkhuni zowiritsira madziwo zinkachita kutoledwa, ndipo mafuta a nsatsi ankachita kuyengedwa: kukazinga, kusinja, kuwiritsa, kenako kuyengula oyandama pamwamba. Kuthowa kudalinso ndi ulemu wake. Mkazi ankathowa mwamuna wake, agogo mdzukulu wawo, amuna a paulendo ankathandizana okhaokha pachigono, ndipo mkamwini sakadayembekeza dzanja la apongozi ake. Lusoli ndi lomwelo limene azamba ndi anamkungwi akhala akugwiritsa ntchito pa mayi amene wangochira kumene, ndipo n'chifukwa chake lidakalipo mpaka lero ngakhale mabuku a alendo oyamba adatanganidwa ndi kuwerenga mitolo ndi mamailosi. Kufunika kwa dongosololi kumaoneka bwino tikayang'ana anthu amene adamanidwa zonsezi. Akapolo 84 amene Livingstone ndi anzake adawamasula kwa Mbame mu Julayi 1861 ankayenda njira zomwezi, amuna ali ndi magoli m'khosi. Chowasiyanitsa ndi wamalonda woyenda mwaufulu chidali chakuti iwo sadali ndi mphamvu yotula, ndipo kumene ankapita kudalibe wowatenthetsera madzi.

Azungu atafika adadalira miyendo yomweyi. Mu 1875 sitima ya Ilala ya amishoni a Livingstonia idaphwasulidwa kumunsi kwa mathithi, ndipo anthu pafupifupi 800 adasenza zidutswa zake mpaka kumtunda kumene Shire amayendekanso. Kampani ya African Lakes, imene anthu adaitcha Mandala, idakhazikitsidwa mu 1878 ndipo malonda ake onse adatsamira pa amtengatenga: kuchokera kwa Katunga kukwera chitunda kufika ku Blantyre, kutsikira ku Matope, komanso kumpoto kuchokera ku Karonga kulowera ku nyanja ya Tanganyika pa msewu wa Stevenson. Mtolo wa munthu mmodzi unkalemera makilogalamu pafupifupi 25, ndipo mzunguyo ankanyamulidwa pa machila ndi amuna osinthana mapewa uku akuthamanga. Kulemera kwa katundu sikudali kwachilendo kwa anthuwa. Chachilendo chidali chakuti ulendo udapeza mwini wina. Boma la atsamunda litakhazikika mu 1891 lidabweretsa msonkho wa nyumba, ndipo pambuyo pake lidachepetsa msonkhowo kwa amene wagwira ntchito kwa mzungu mwezi wathunthu. Tsopano munthu ankasenza mtolo kuti apeze ya msonkho, pa tsiku losankha wina ndi pa liwiro la kapitawo. Kampani inkalipira mtolo wofika bwino, basi. Thupi lobwerera kumudzi litaphwanyika linkakathowedwa ndi mkazi amene sadalandire ngakhale kobiri, pogwiritsa ntchito madzi ndi nkhuni za mudzi umene sudalembedwe m'buku la malipiro. Njanji yochokera ku Port Herald, kumene lero ndi ku Nsanje, idafika ku Blantyre mu 1908 ndipo idapeputsa njira imodziyo, koma ku Salima idakafika mu 1935, ndipo madera ambiri adapitirizabe kudalira mitu ya anthu.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse idaonetsa kumene kaganizidwe kotere kamathera. Kumenyana kwa pamtunda kudayambika ku Karonga mu Seputembala 1914, koma mavuto adakula kuyambira 1916 pamene General Edward Northey adalowa m'dziko la Ajeremani kumpoto kwa nyanja kulondola asilikali a Paul von Lettow-Vorbeck. Chakudya, zipolopolo ndi mfuti zambiri zinkayenda pamutu. Nyasaland, dziko limene panthawiyo lidali ndi anthu ongopitirira pang'ono miliyoni imodzi, idapereka asilikali pafupifupi 19,000 ndi amtengatenga pafupifupi 200,000. Melvin Page, amene adacheza ndi otsala a nkhondoyi m'zaka za m'ma 1970 n'kulemba buku la The Chiwaya War, adasonyeza mmene amuna ankagwidwira m'midzi mokakamiza, mafumu akuopsezedwa kuti apereke chiwerengero. Lamulo lililonse lakale la ulendo lidaphwanyidwa. Anthu adayenda m'dzinja, m'matope ndi m'mitsinje yodzaza. Anthu a kuchigwa chotentha adakwezedwa mapiri ozizira a kumpoto chakum'mawa kwa nyanja alibe chofunda chokwanira. Phoso linkaperewera, pakuti njira ikatalika wonyamula chakudya amayenera kudya gawo la mtolo womwewo. Tsiku lopuma linkadalira kumene mdani wathawira, ndipo wotsalira m'mbuyo ankakumana ndi chikoti. Zikwi za amtengatenga zidafera m'njira ndi kamwazi, chibayo, malungo ndi njala, ndipo obwerera adafika kwawo pamodzi ndi chimfine choopsa cha 1918.

Pano wina angatsutse kuti anthuwa sadafe ndi kuphwanya kwa minofu, ndipo kansalu ka madzi otentha sikakadapulumutsa munthu wodwala kamwazi. Zimenezi n'zoona, ndipo sizikugwetsa mfundo yathu. Kuthowa sikuchitika pokhapokha pali moto, madzi, nthawi, ndi munthu wachiwiri amene ali ndi mphamvu zotsala. Gulu limene lili ndi zinayi zimenezi limakhalanso ndi chakudya chophika, madzi owiritsa ndi tulo, zomwe zimateteza ku matenda amene adapululutsa amtengatenga. Kusowa kwa kuthowa kudali chizindikiro chakuti dongosolo lonse losamala woyenda lachotsedwa. Ndipo sitinganene kuti olamulira sankadziwa phindu la manja pa thupi lovulala kapena lotopa. Ku London bungwe la Society of Trained Masseuses lidakhazikitsidwa mu 1894 kuti ntchito yotikita minofu ilemekezeke ngati mbali ya chipatala, ndipo ndi lomwelo limene mu 1944 lidatenga dzina la Chartered Society of Physiotherapy. Nkhondo itangoyamba mu 1914, Almeric Paget ndi mkazi wake adasonkhanitsa akazi 50 odziwa ntchitoyi kuti azithandiza asilikali a Britain ovulala, ndipo gululi lidakula kufika pafupifupi 2,000. Ufumu womwewo, m'nkhondo yomweyo, unkadziwa kuti thupi limafuna kubwezeretsedwa. Udangosankha matupi oyenera kuwonongerapo ndalama.

Nkhondo itatha, maulendo aatali adapitirira ndi anthu opita kukasaka ntchito kumwera. Hastings Kamuzu Banda adachoka ku Kasungu wapansi ali mnyamata cha m'ma 1915 n'kukagwira ntchito ku Hartley ku Southern Rhodesia asanapitirire ku Johannesburg, ndipo Clements Kadalie, amene adayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919, adatsika njira ya kumwera m'zaka zomwezo. Zikwizikwi za anthu osatchuka zidayenda milungu yambiri kudutsa ku Tete, m'dziko la eni lopanda mudzi wa abale. Pambuyo pake kudabwera malole a Ulere onyamula osaka ntchito, sitima za pamtunda ndi ndege za Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za kumigodi, mpaka ngozi ya ndege ya ku Francistown mu Epulo 1974, imene idapha Amalawi 74 ochokera kumigodi, idachititsa boma kuimitsa kulemba anthu. Pang'onopang'ono ulendo udasiya kukhala woyenda n'kukhala wokhala pansi. Wokwera basi lero kuchokera ku Blantyre kupita kumwera kudzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge amatha usana ndi usiku ndi kupitirira apo atapinda maondo, chikwama chili pamiyendo. Ululu wake ndi wa mtundu wina. Wa mtengatenga unkachokera ku minofu yogwira ntchito mopitirira. Wa pa basi umachokera ku minofu youma chifukwa chokhala malo amodzi, khosi lopindika ndi magazi odikha m'miyendo. Choipa n'chakuti wokwera basi saoneka ngati wagwira ntchito, motero iye mwini ndi omulandira saona chifukwa chotenthetsera madzi. Amatsika m'mawa, masana ali kale pamsika kapena ku ofesi.

Chitsutso chachiwiri chimachokera ku sayansi: kodi madzi otentha ndi manja zimachitadi kanthu, kapena ndi chikhulupiriro chabe? Yankho loona ndi lakuti zimathandiza, koma pang'ono. Kuphwanya kumene kumabwera tsiku lotsatira munthu atagwira ntchito yosazolowera kumakula pakati pa maola 24 ndi 72. Theodore Hough wa ku America adafotokoza mu 1902 kuti kumayamba ndi timabala ting'onoting'ono m'kati mwa minofu, ndipo kafukufuku wa pambuyo pake adatsimikiza kuti kumachuluka pamene mnofu ukugwira mphamvu uku ukutalika, monga potsika phiri. Okwera Mulanje amadziwa kuti ntchafu zimalira chifukwa cha kutsikira ku Likhubula kuposa kukwera, ndipo zimalira kwambiri tsiku lachiwiri. Nkhani yofala yakuti ululuwu ndi lactic acid wotsalira amene ayenera kufinyidwa ndi yolakwika, popeza thupi limamuchotsa lokha pakangotha ola limodzi kapena awiri. Chimene kutentha kumachita ndi kutsegula timitsempha ta magazi ndi kufewetsa mnofu wokungika, pamene kusisita kumachepetsa kamvedwe ka ululu. Ronald Melzack ndi Patrick Wall adalongosola mu 1965 mmene uthenga wa kukhudza khungu umatchingira mbali ya uthenga wa ululu usanafike ku ubongo. Timabala tija timapola tokha m'masiku ochepa, ndipo mnofu ukachira umapirira bwino ntchito yomweyo ulendo wotsatira. Apa ndi pamene nzeru ya mwambo idagona. Munthu amene akuthowedwa amakhala pansi, amamwa madzi, amadya, amagona, ndipo m'mawa eni nyumba samulola kunyamuka msanga. Mwambo unkagula nthawi imene thupi limafuna kuti lidzikonze lokha.

Chitsutso chachitatu ndi cholemera kwambiri, ndipo chiyenera kuvomerezedwa mosabisa: si zonse zakale zimene zidali zabwino, ndipo kuthowa kuli ndi malire. Kutema mphini pamalo opweteka ndi lumo limodzi kwa anthu angapo kumafalitsa matenda a m'magazi. Bondo kapena kakolo wobinya kumene safuna kutentha m'masiku oyamba, chifukwa kutupa kumawonjezeka. Munthu wa matenda a shuga amene mapazi ake adachita dzanzi akhoza kupsa osamva. Kuphwanya kwa thupi kobwera ndi kutentha, mutu ndi kunjenjemera, makamaka munthu atachokera kunyanja kapena kuchigwa, n'kofunika kukayezetsa malungo tsiku lomwelo. Ndipo mwendo umodzi ukatupa, kutentha ndi kupweteka pa katumba pambuyo pa ulendo wautali wokhala pansi, usasisitidwe konse, chifukwa mwina magazi aundana mumtsempha ndipo chibuma chake chikhoza kuthamangira kumapapo. Bungwe la World Health Organization lidalengeza mu 2007 kuti chiopsezo chimenechi chimawirikiza pafupifupi kawiri munthu akakhala pansi paulendo maola 4 kapena kuposerapo. Malire onsewa akusonyeza kuti wothowa ayenera kudziwa zambiri kuposa agogo ake, makamaka pa zowawa za ulendo wa pa basi ndi pa ndege zimene akale sadakumane nazo. Koma akusonyezanso ubwino umene mwambowu uli nawo kuposa njira zina. Manja amene akuthowa amayeza. Ndi amene amayamba kuona kuti thupi latentha mosayenera, kuti mwendo uwu watupa kuposa unzake, kuti bala la kuphazi layamba mafinya.

Chimene chalowa m'malo mwa mwambowu kwa anthu ambiri ndi piritsi la pa grosale. Wakabaza amene wapalasa tsiku lonse pa dzuwa la Novembala, mayi wosenza dengu la tomato, mnyamata woumba njerwa ndi dalaivala wa thiraki amameza Brufen kapena mankhwala ena ofanana nawo kuti mawa adzuke n'kubwerera pantchito. Mankhwalawa amaziziritsadi ululu, koma akamwedwa kawirikawiri amakanda m'mimba, ndipo amavulaza impso makamaka thupi likakhala louma ndi thukuta. Amachotsa chenjezo n'kusiya ntchito ili pomwepo, ndipo ndalama yake imatuluka m'thumba la wotopayo. Kutikita minofu kwaukatswiri kwasanduka chinthu cha m'mahotela a kunyanja ndi cha osewera mpira, pamene madokotala a mafupa ndi minofu m'zipatala zathu ndi ochepa ndipo amatanganidwa ndi odwala sitiroko ndi ovulala pa ngozi. Tikaika zonsezi pamzere umodzi ndi Mandala, nkhondo yoyamba ya dziko lonse ndi Wenela, tikuona kuti dongosolo silinasinthe kwenikweni: wolemba ntchito amalipira katundu wofika, ndipo kuchira ndi nkhani ya mwini thupi. Choncho phunziro la mbiriyi likupita kwa amene amakonza maulendo ndi ntchito. Kampani ya basi imene imaima maola awiri kapena atatu alionse kuti anthu atsike, aongole miyendo ndi kumwa madzi ikulipira gawo lake. Momwemonso bwana amene amapatsa dalaivala tsiku lopuma akabwera ku Beira kapena ku Dar es Salaam, ndi kapitawo amene amayambitsa ntchito yolemetsa m'mawa kwambiri n'kuweretsa anthu dzuwa lisanalimbe. Pakhomo, madzi otentha ndi manja zikadali zotheka. Koma banja silingapitirize kulipira lokha ngongole imene idapangidwa ndi ntchito yopindulitsa ena, ndipo nthawi yopuma iyenera kulembedwa m'pangano la ntchito monga momwe amalembera malipiro.